Fumbi la pakati pa mlalang'amba: infrared imalidutsa kapena imaliona?

Mwana_wa_Agogo
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Usiku wathawu ndimawerenga za telesikopu ya James Webb. Poyamba akuti ubwino wa infrared ndi woti imadutsa m'fumbi, n'chifukwa chake asayansi amaona nyenyezi zobisika pakatikati pa mlalang'amba wathu. Nditatsika m'munsi pang'ono ndikupeza chithunzi, pansi pake alemba kuti ichi ndi fumbi likuwala mu infrared pakati pa mlalang'amba wina. Tsono zoona ndi ziti? Ngati kuwalako kumadutsa m'fumbi, ndiye kuti fumbilo silioneka. Ngati likuoneka, ndiye kuti sikunadutse. Galasi la pazenera sunganene kuti n'loonekera bwino, kenaka n'kumatinso ndi lomwe ukujambula. Komanso fumbi limeneli likuchokera kuti kumwamba kopanda msewu, kopanda mphepo?

Kabaza_Express
Ine ndinanena kale pano kuti zithunzi zimenezo amazipenta pa kompyuta. Mwayamba kuzindikira mmodzimmodzi.

Mbaula_Yamoto
Kabaza dikira kaye anthu odziwa ayankhe, usathamange ngati waona pasenja.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Funso labwino kwambiri mwanawe, ndipo zonse ziwiri wawerengazo ndi zoona. Chakusokoneza n'chakuti dzina ndi limodzi koma zinthu ndi zambiri. Tikati infrared sitikunena mtundu umodzi wa kuwala. Ndi dera lalikulu, kuyambira pomwe kufiira kwathera mpaka kukafika kufupi ndi mafunde a wailesi.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo utali wa funde timauyeza mu ma micron. Micron imodzi ndi milimita imodzi yoduladula ka 1,000. Tsitsi limodzi kunenepa kwake kumakhala pakati pa ma micron 50 ndi 100. Maso athu amaona kuyambira pa 0.4 kufika pa 0.7 basi. Infrared imayambira pamenepo n'kukafika ma micron mazanamazana.

Tinthu ta fumbi la mumlengalenga tambiri sitikwana ngakhale micron imodzi. Funde lalifupi, monga la kuwala kobiriwira ngati thambo, likakumana ndi kanthu kofanana nalo kukula limamwazika kapena kumezedwa. Funde lotalikirapo, monga la ma micron 2.2, limadutsa mosavuta. Taganizani za dzuwa la mu Okutobala anthu akatentha tchire. Limalowa lili psuu, mpaka mutha kuliyang'ana osaphethira. Utsi wachotsa mitundu ya mafunde afupiafupi, chatsala ndi chofiira. Infrared ya pafupi ndi kufiirayo imangopitiriza zomwezo.

Koma fumbi likameza kuwala kwa nyenyezi limafunda, ndipo chilichonse chofunda chimatulutsa kuwala kwakechake. Fumbi lozizira kwambiri limawala pa ma micron 100, lofunda ngati thupi la munthu pa ma micron 10, lotentha ngati ng'anjo pa ma micron 2 kapena 3. Ndiye ukasankha funde lina umaona zomwe zili kuseri kwa fumbi, ukasankha lina umaona fumbi lenilenilo. Wojambula ndi amene amasankha.

Mwana_wa_Agogo
Zikomo aphunzitsi. Ndiye kuti munthunso amawala?

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Amawala, cha pa ma micron 9 mpaka 10. Katemometa kaja ankatiloza nako pamphumi nthawi ya Covid kamawerenga kuwala kumeneko. Ndipo fanizo lako la galasi lili ndi chinthu choseketsa: pa kamera yoona kutentha, galasi la pazenera limakhala ngati khoma, silionetsa za kuseri. Koma ukapisa dzanja mu jumbo yakuda yopyapyala, zala zonse zimaoneka bwinobwino. Choonekera kwa maso n'chosiyana ndi choonekera kwa infrared.

Gogo_Chikumbe
Ana inu mwandikumbutsa kale. Tili anyamata tinkagona panja miyezi ya Juni ndi Julayi kulondera chimanga chosanjika m'munda. Mlalang'amba unkadutsa pamutu penipeni ngati msewu woyera, koma pakati pake pali mng'alu wakuda, ngati wina wang'amba chitenje. Ife tinkati pamenepo palibe nyenyezi. Kodi ndiye fumbi mukunenali?

Nthanda88
Ndi lomwelo agogo. Pomwe mumaona ngati palibe kanthu ndi pomwe pali zambiri, kungoti fumbi laima patsogolo. Ngakhale asayansi akale ena ankaganiza ngati inu, kuti ndi mabowo. Mu 1930 Robert Trumpler ndi amene anaonetsa bwino kuti magulu a nyenyezi akutali amaoneka ozirala kuposa mmene mtunda wokha ungachititsire, ndiye pali china chikumeza kuwala panjira.

Ndipo ife tili ndi mwayi pa nkhani iyi. Pakatikati pa mlalang'amba wathu pali cha kumwera kwa thambo, m'chigawo cha Sagittarius, pafupi ndi mchira wa gulu la nyenyezi looneka ngati chinkhanira lija. Kwa ife pamadutsa pafupifupi pamutu, pomwe anthu a ku Britain amapaona chammunsi kwenikweni, pafupi ndi pomwe thambo lakumana ndi dziko. Pakati pa Julayi cha m'ma 10 koloko usiku, yang'anani kumwamba mopendekera kumwera pang'ono, ndi pamenepo.

Kuwala kochokera pakatipo kumayenda zaka pafupifupi 26,000 kuti kutifike, ndipo njira yonseyo kumadutsa m'mitambo ya fumbi chifukwa mlalang'amba wathu ndi wophwatalala ngati mbale, ndipo ife tili m'kati mwa mbale yomweyo. Pa kuwala kooneka ndi maso, kumatifika gawo limodzi lokha pa magawo pafupifupi 1,000,000,000,000. Pa ma micron 2.2 kumafika pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10. Kusiyana kwake ndi kumeneko. Eric Becklin ndi Gerry Neugebauer ndi amene anayamba kupaona mu infrared, zotsatira zawo zinatuluka mu 1968.

Gogo_Chikumbe
Ziro zonsezo mdzukulu, ndawerenga kawiri ndasokonezeka. Koma ndamva kuti n'zochepa zedi.

Kabaza_Express
Palibe wandiyankha za penti.

Chemwali_waKuKapa
Kabaza, funso lako silolakwika koma mawu ako ndi amene alakwika. Mitundu ija ndi yoika anthu, inde. Nanga angachite bwanji pomwe maso ako saona infrared? Amajambula malo amodzi kangapo, pa mafunde osiyanasiyana, kenaka lalifupi amalipatsa mtundu wa buluu, lapakati wobiriwira, lalitali wofiira. Maonekedwe a mtambowo, pomwe pali powala ndi pomwe pali pamdima, sapeka. Ukapita kuchipatala akakujambula X-ray, fupa limatuluka loyera papepala lakuda. Umawauza adokotala kuti apenta?

Kabaza_Express
Fupa langa ndimatha kuligwira chemwali. Fumbi lanulo waligwira ndani?

Mbaula_Yamoto
Tenga rimoti ya TV, uyatse kamera ya foni, uloze rimotiyo pa kamera n'kudina batani. Uona kagetsi kakuphethira kofiirira moyererako, koma ndi maso suona kanthu. Ikakana kamera yakumbuyo yesa yakutsogolo, mafoni ena amatchinga. Ukachita ubwere udzatiuze ngati foni yako yapenta.

Kabaza_Express
Magetsi kulibe kuyambira m'mawa, foni ili pa 6%.

Mbaula_Yamoto
Rimoti imayendera mabatire aise.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Mwandikumbutsa manyazi amene ndinachita chaka chatha. Amene anatulukira infrared ndi William Herschel mu 1800. Anadutsitsa kuwala kwa dzuwa mu prizimu, n'kuika matemometa pa mitundu ya utawaleza uja, kenaka n'kupeza kuti kupitirira kufiira, pomwe palibe kuwala kooneka, temometa ikukwerabe. Ine ndinati ndiwaonetse ana a Fomu 3 zomwezi. Ndinatenga katoni ya sopo, n'kudula kampata m'mphepete, n'kupanikiza prizimu pamenepo, pansi n'kuyala pepala loyera. Matemometa atatu ndinawadetsa kumutu ndi mwaye wa pampoto wosakaniza ndi guluu. Tisanayambe n'komwe, onse atatu ali pamthunzi umodzi, imodzi ikuti 24, ina 26, ina 23. Titawaika pamalo pake kamtambo kanabwera n'kukhazikika pa dzuwa mpaka belu linalira. Mnyamata wina wakumbuyo anangoti aphunzitsi, mwina infrared yapita ku break. Tinabwereza sabata yotsatira, tikulemba kusintha kwa temometa iliyonse payokha, ndipo ya kunja kwa kufiira inakweradi. Koma dzina loti Infrared ana aja sanandichotserebe.

Mwana_wa_Agogo
Pepani aphunzitsi koma ndaseka. Nanga funso langa lachiwiri lija, fumbilo limachokera kuti?

Nthanda88
Mawu oti fumbi ndi amene amasocheretsa. Si fumbi la pamsewu wa kumudzi, limenelo ndi miyala ikuluikulu poyerekeza. Ili likufanana kwambiri ndi utsi. Lili mitundu iwiri ikuluikulu: lina ndi la carbon, m'bale wake wa mwaye wa kudenga la kukhitchini, lina ndi la silicate, m'bale wake wa mchenga. Limapangika kunja kwa nyenyezi zokalamba zomwe zafufuma n'kuyamba kutaya mpweya wake, ndiponso nyenyezi zikuluzikulu zikaphulika. Mpweyawo ukamazizira, maatomu amagwirana n'kupanga timibulu. Polemera, fumbi ndi gawo limodzi lokha pa magawo 100 a mpweya womwe uli pakati pa nyenyezi, koma ndi lomwe limatseka njira.

Kabaza wafunsa kuti waligwira ndani. Mtundu uliwonse umasiya chidindo pa kuwala. Silicate imameza kapena kutulutsa kwambiri pa ma micron 9.7, ndiye ukayala kuwala kochokera pakati pa mlalang'amba malinga ndi utali wa mafunde, pamenepo pamaoneka chigwa kapena kaphiri. Mamolekyu a carbon otchedwa PAH, omwe amapezekanso mu utsi wa makala ndi pa nyama yopserera, amawala pa 3.3, 6.2, 7.7 ndi 11.3. Zidindo zimenezi amaziyerekeza ndi zomwe amayeza mu labu pansi pano. Ndiponso m'miyala ina yogwa kuchokera kumwamba anapezamo timibulu takale kuposa dzuwa lathu, topangidwa ndi nyenyezi zina. Timeneto anthu anatigwira ndithu.

Amayi_aZitumbuwa
Ndiye bwanji osangoti utsi? Ife tikamva fumbi tiganiza za tsache.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Utsi umafuna moto mayi, ana angayambe kufunsa kuti chikupsa n'chiyani. Ine m'kalasi ndimati mwaye wa nyenyezi.

Chemwali_waKuKapa
Mwaye ukusiya kunja la silicate lija aphunzitsi. Tisiye fumbi lomwelo, anthu azolowera.

Amayi_aZitumbuwa
Azolowera ndani, ine ndikumva lero.

Wosunga_Gulu
Nkhani ya mawu ili ndi malo ake, mudzaiyambitse payokha. Tibwerere kwa mwanayu.

Mwana_wa_Agogo
Zikomo. Chithunzi chomwe chinandisokoneza chinali cha mlalang'amba wina, osati wathu, ndipo pakati pake panali powala kwambiri ngati nyenyezi imodzi. Ankatchula chinthu chotchedwa torus.

Nthanda88
Apa ndiye mwafika pa nkhani yomwe ndimaikonda, mundilole nditalikitse.

Pakati pa milalang'amba ikuluikulu pafupifupi yonse pali black hole (chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungatulukemo) yolemera kuposa dzuwa ka mamiliyoni kapena mabiliyoni. Yathu, Sagittarius A*, ndi yolemera ngati madzuwa 4 miliyoni, koma ili phee, ikudya pang'ono kwambiri. Zina zikudya mwadyera. Mpweya ukamazungulira kuti ugweremo umatentha koopsa mpaka kuwala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'ambawo pamodzi nthawi zina. Carl Seyfert anafotokoza gulu la milalang'amba yotere mu 1943, ndipo pambuyo pake anthu anaigawa pawiri. Mtundu woyamba umaonetsa zizindikiro za mpweya wothamanga makilomita masauzande pa sekondi pafupi ndi pakati. Mtundu wachiwiri suonetsa. Kwa zaka zambiri zinkaoneka ngati ndi nyama ziwiri zosiyana.

Mu 1985 Robert Antonucci ndi Joseph Miller anayang'ana NGC 1068, ena amautcha Messier 77, womwe uli pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 47 miliyoni (chaka cha kuwala ndi mtunda womwe kuwala kumayenda pa chaka chimodzi) ndipo ndi wa mtundu wachiwiri. M'malo moyang'ana kuwala konse, anasefa n'kutsala ndi kuwala komwe kwachita kunjanja pa zinthu zina kusanabwere kuno. M'kuwala kumeneko zizindikiro za mpweya wothamanga zija zinali momwemo. Zili ngati moto uli kuseri kwa mpanda, suuona, koma ukuona kuwala kwake pa khoma la nyumba ya aneba. Ndiye anati mitundu iwiriyi ndi chinthu chimodzi, kusiyana ndi komwe waima. Pozungulira black hole pali fumbi lochindikala lokhala ngati nkhata yosenzera mtsuko. Ukayang'ana nkhatayo kuchokera pamwamba umaona pabowo mpaka pakati. Ukayang'ana cham'mbali fumbi limakutchinga. Torus ndi nkhata imeneyo.

Bowo la pakatilo lilinso ndi chifukwa chake. Fumbi likatentha kufika madigiri pafupifupi 1,200 limasanduka mpweya. Ndiye pafupi kwambiri ndi moto fumbi silingakhalepo, limayambira pomwe kutentha kwatsika kufika pamenepo. Mkombero wam'kati umenewo ndi umene umawala kwambiri pa ma micron 2.

Amayi_aZitumbuwa
Nkhata ndamva. Mukanati donasi ndikanamvanso msanga.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Ndimalemba nkhata imeneyi pabolodi ana akandifunsa, ndipo ndi yosavuta kufotokoza. Chinthu chimodzi, mbali ziwiri, nkhani yatha.

Nthanda88
Apo ndiye nditsutsane nanu pang'ono aphunzitsi, mwaulemu. Nkhata yosalala ija ya m'mabuku palibe anaiona choncho. Inali ganizo lothandiza, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 panalibe chida chotha kuiona chifukwa ndi yaing'ono kwambiri, zaka za kuwala zochepa chabe pa mtunda wa zaka mamiliyoni. Zinatheka atayamba kulumikiza matelesikopu a VLT ku Paranal, Chile. Alipo anayi, lililonse galasi lake mamita 8.2, ndipo akaphatikiza kuwala kwawo amaona tinthu ting'onoting'ono ngati ali ndi galasi limodzi loposa mamita 100. Mu 2004, ndi chida chotchedwa MIDI, anaona fumbi lofunda pakati pa NGC 1068. Mpaka apa ganizo lija linapambana.

Koma atayang'ana milalang'amba ina monga Circinus ndi NGC 3783, anapeza kuti gawo lalikulu la kuwala kwa pa ma micron 10 mpaka 12 silikuchokera mu nkhata yogona chafulati, likuchokera pamwamba ndi pansi pake, komwe bukulo limati kuli poyera. Zikuoneka kuti kuwala kwamphamvu kwa pakatipo kukukankha fumbi n'kuliulutsa ngati mphepo. Ndipo nkhatayo payokha ambiri tsopano amati ndi ya zibuma, timitambo tambirimbiri tokhala ndi mipata, osati chinthu chogwirana.

Pa NGC 1068 pomwepo magulu awiri anasemphana posachedwapa. A chida cha GRAVITY mu 2020 anati akuona mkombero wopyapyala wa fumbi lotentha, zomwe sizikugwirizana ndi nkhata yochindikala. A chida cha MATISSE mu 2022 anayeza kutentha kwa fumbilo malo osiyanasiyana, n'kunena kuti black hole ili pamalo ena, yokwiririka pansi pa fumbi lochindikala, monga ganizo lakale linkanenera. Phiri limodzi, matelesikopu omwewo, mlalang'amba womwewo, mafunde osiyana.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Sindikukana zimenezo achimwene. Koma mwana wa zaka 16 sungamuyambe ndi mkangano wa GRAVITY ndi MATISSE. Atomu timayamba kuijambula ngati dzuwa ndi mapulaneti ngakhale tikudziwa kuti siili choncho. Mfundo yaikulu, yoti zomwe ukuona zimadalira mbali yomwe fumbi lakutchingira, idakalipo.

Nthanda88
Idakalipo, koma si yonse. Pali milalang'amba yomwe yasintha kuchoka mtundu wina kupita wina m'zaka zochepa, anthu akuionerera. Nkhata siingatembenuke msanga choncho. Pamenepo ndiye kuti kadyedwe ka black hole yeniyeniyo kasintha, kapena kamtambo kadutsa kutsogolo. Chomwe ndimadana nacho n'choti mwana atuluke akuganiza kuti anthu anajambula donasi n'kubwera nayo.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Bwerani mudzaphunzitse kalasi ya ana 90 kwa mphindi 40, kenaka tidzakambirane.

Kabaza_Express
Mwaona? Okhaokha sakugwirizana. Ine ndinanena.

Mbaula_Yamoto
Akutsutsana za maonekedwe a nkhata, osati zoti fumbi lilipo kapena ayi. Rimoti ija wayesa?

Chemwali_waKuKapa
Ndiponyeko za kuno, chifukwa ambiri amaganiza kuti zonsezi zimachitikira ku America ndi ku Ulaya. Ndinapitako ku Sutherland, m'chipululu cha Karoo, ulendo wa maola anayi kuchokera ku Cape Town. Anthu amathamangira kukaona telesikopu ya SALT chifukwa ndi yaikulu, koma paphiri lomwelo pali kanyumba kena kokhala ndi telesikopu ya mamita 1.4 yotchedwa IRSF, ya infrared yokhayokha, yomwe South Africa ndi Japan anatsegula mu 2000. Imeneyo yagwira ntchito yambiri yoyeza mmene fumbi la kulowera pakati pa mlalang'amba wathu limachepetsera kuwala pa funde lililonse. Popanda muyeso umenewo sungadziwe kuti nyenyezi yomwe ukuiona kuseri kwa fumbi ndi yowala bwanji kwenikweni.

Ndipo pali mlalang'amba wotchedwa Fairall 9, dzina la Tony Fairall wa ku yunivesite ya Cape Town. Ian Glass wa ku SAAO, bungwe la South Africa lofufuza zakuthambo, ankauyeza mu infrared kwa zaka zambiri, anzake akuuyeza mu ultraviolet, kuwala kwa mafunde afupiafupi kuposa omwe maso amaona. Mu 1989 anaonetsa kuti pakatipo pakawala kapena kuzirala, infrared imatsatira patatha masiku pafupifupi 400. Ndiye kuti kuwala kumatenga nthawi yotero kuti kuchoke pakati kukafike pa fumbi n'kulitenthetsa. Anayeza kukula kwa bowo la nkhata popanda kuliona, ngati mmene umadziwira kutalika kwa phiri pomva nthawi yomwe mawu ako akubwerera.

Kuzizira kwa kumeneko musakufunse. Ndinapita mu Juni nditavala majuzi awiri ndi jekete, zala zinakana kudina foni.

Gogo_Chikumbe
Kuposa ku Dedza?

Chemwali_waKuKapa
Agogo, ku Dedza ndi kotentha. Ku Sutherland madzi amaundana m'ndowa, chipale chimagwa.

Tsabola_wa_Kambuzi
Chithunzi chija cha MeerKAT cha pakati pa mlalang'amba, chokhala ndi timizere ngati ulusi, ndi infrared nachonso?

Chemwali_waKuKapa
Ayi, chimenecho ndi cha mafunde a wailesi. MeerKAT ndi madishi 64, ilinso ku Karoo koma dera lina, kufupi ndi Carnarvon. Wailesi fumbi siilimva n'komwe. Chithunzi cha Sagittarius A* chomwe anatulutsa pa 12 Meyi 2022 nachonso si cha infrared. Koma nyenyezi zozungulira black hole imeneyo, zimenezo ndiye infrared.

Mwana_wa_Agogo
Ndi zija analandira nazo Nobel?

Nthanda88
Zomwezo. Reinhard Genzel ndi gulu lake ku Chile, Andrea Ghez ndi gulu lake ku matelesikopu a Keck, Hawaii. Kuyambira m'ma 1990 akhala akujambula nyenyezi za pakatikati pa ma micron 2.2 chaka ndi chaka. Ina, S2, imazungulira kamodzi pa zaka 16. Inadutsa pafupi kwambiri mu 2002 ndi mu 2018, ikuthamanga kuposa makilomita 7,000 pa sekondi. Kuchokera pa njira yake anawerengera kulemera kwa chomwe chikuikoka. Nobel anapatsidwa mu 2020, pamodzi ndi Roger Penrose.

Chosangalatsa pa funso lanu loyamba lija n'chakuti pamalo omwewo, ukangotalikitsa funde kufika pa 3.8, umayamba kuona tinthu ta fumbi lofunda. Kamodzi, kotchedwa G2, kanachititsa phokoso. Gulu la Genzel linati ndi mtambo wa mpweya ndi fumbi ndipo ung'ambika ukamadutsa pafupi ndi black hole mu 2014. Anthu anakonzekera kuona zophulika. Kanadutsa, panalibe chodabwitsa chachikulu, ndipo gulu la Ghez linati n'chifukwa choti m'kati mwake muli nyenyezi yomwe yavala fumbi. Ukatalikitsanso funde kufika ma micron 20 mpaka 40 nyenyezi zimazimiririka, pamatsala mkombero wa fumbi wozungulira pakatipo. Umenewo unajambulidwa bwino ndi SOFIA, telesikopu yomwe inkaikidwa mu ndege ya Boeing 747 yokhala ndi chitseko chotseguka m'mbali.

Tsabola_wa_Kambuzi
Telesikopu mu ndege? Kuwononga mafuta kumeneko.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi
Chifukwa chake ndi chinyezi. Nthunzi ya madzi mumpweya wathu imameza infrared yambiri, n'chifukwa chake amathamangira pamwamba pa mapiri ouma, m'ndege, kapena kunja kwa dziko. Vuto lina ndi loti telesikopu nayo ndi yofunda, ndiye imawala mu infrared yomwe ikufuna kuyezayo. Zili ngati kufunafuna chiphaniphani utayatsa nyali kumaso. IRAS, telesikopu ya infrared yomwe inatumizidwa kunja kwa dziko mu 1983, inkazizidwa ndi helium yamadzi, itatha patapita miyezi 10 ntchito inathera pomwepo. James Webb, yomwe inanyamuka pa Khirisimasi ya 2021, ili makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno kuseri kwa chotchinga dzuwa, ndipo chida chake cha MIRI amachiziziritsa kufika madigiri 266 pansi pa ziro. Pa za mafuta simunalakwe kwenikweni, SOFIA inaimitsidwa mu 2022 ndipo ndalama zinali m'gulu la zifukwa.

Nthanda88
IRAS ija m'miyezi 10 yomweyo inaonetsa zomwe palibe ankayembekezera. Arp 220, milalang'amba iwiri yomwe ikuwombana pa mtunda wa zaka za kuwala 250 miliyoni, ndi maso imaoneka yosachititsa chidwi. Mu infrared ikuwala kuposa madzuwa 1,000,000,000,000. Pafupifupi mphamvu yake yonse imamezedwa ndi fumbi n'kutulukanso ngati kutentha. Ndipo fumbilo lachindikala kwambiri pakati pake moti mpaka lero akukanganabe kuti gawo lalikulu la motowo ndi nyenyezi zongobadwa kumene kapena pali black hole yobisika yomwe ikuthandizira. Apa ndiye zidindo za PAH zija zimagwira ntchito: pomwe pakubadwa nyenyezi zimaoneka zamphamvu, pafupi ndi black hole yolusa zimafooka.

Gogo_Chikumbe
Ngati uvuni wa makala. Umaona dothi ndi utsi, koma ukayika dzanja pafupi umadziwa kuti m'kati muli moto.

Amayi_aZitumbuwa
Agogo musatchule makala pano, mtengo wake wandikwiyitsa kale m'mawa uno.

Mwana_wa_Agogo
Ndayankhidwa, zikomo nonse. Ndabwerera pa chithunzi chija, pansi pake alembadi kuti MIRI, ndipo china chomwe chimaonetsa nyenyezi zambiri alemba NIRCam, kamera ya Webb ya mafunde ofupikirapo. Dzulo sindinazione n'komwe. Koma achimwene a Nthanda88, ngati fumbi limadutsika pa ma micron 2, ndipo fumbi lotentha limawalanso pa ma micron 2 pomwepo, amasiyanitsa bwanji kuwala kwa nyenyezi ya kuseri ndi kwa fumbi lotentha?

Nthanda88
Ndi chithunzi chimodzi sungasiyanitse. Umayeza pa mafunde angapo oyandikana. Nyenyezi imazirala ukamapita ku mafunde ataliatali, kuchoka pa 1.6 kupita pa 2.2 ndi 3.8, pomwe fumbi lotentha limanka liwalirawalira. Koma nyenyezi yomwe ili kuseri kwa fumbi lozizira lambiri imaonekanso yofiira mofananako, ndipo apo ndi pomwe anthu amapusitsika. Mkangano wa GRAVITY ndi MATISSE uja mbali ina unali womwewu: fumbi lotentha kwambiri lomwe latchingidwa, kapena fumbi lofunda chabe lomwe lili poyera.

Kabaza_Express
Magetsi abwera. Rimoti ija ikuphethiradi, koma pa kamera yakutsogolo yokha.

Mbaula_Yamoto
Mtundu wanji?

Kabaza_Express
Wapepo. Koma rimoti si mlalang'amba.

Gogo_Chikumbe
Mdzukulu wa Nthanda, mwati Julayi 10 koloko. Nanga mu Ogasiti? Ine 10 koloko ndimakhala nditagona kalekale.

Nthanda88
Pakati pa Ogasiti ndi cha m'ma 8 koloko agogo. Musankhe usiku wopanda mwezi, ndipo musadikire Seputembala, utsi wa tchire ukayamba mng'alu uja suoneka bwino.